Kusaka nyimbo yakale: TikTok, YouTube, memory card kapena nkhokwe za akatswiri?

Bambo anga ali ndi kanyimbo kamodzi komwe amakaimbira m'mphuno akamakonza njinga pakhonde. Mawu ake amangokumbukirako mizere iwiri, yonena za mwamuna amene anapita ku Joni n'kusiya mkazi ndi munda wosalima. Akuti ankaimva pa wailesi ali mnyamata, nthawi yomwe ankagwira ntchito m'minda ya tiyi ku Thyolo, ndipo inali ya banjo. Dzina la woimba linawathawa kalekale. Chaka chatha atatuluka m'chipatala, thupi likadali lofooka, anandiitana n'kundifunsa kuti, "Mwana wanga, m'foni mwakomo amati mumapezeka chilichonse. Nyimbo yanga ija singapezekemo?" Ndinawalonjeza kuti ndiyesa. Kusakako kunatenga miyezi inayi.

M'miyezi imeneyo ndinagogoda pakhomo lililonse lomwe munthu wofuna nyimbo yakale angagogode, ndipo makomowa safanana. Kwina nyimbo imapezeka koma dzina la mwini wake linatayika. Kwina dzina lilipo, chaka chilipo, ngakhale mudzi womwe anajambulira ulipo, koma kuti uimve yonse mpaka ulipire ndalama zakunja. Kwina n'kotchipa, koma woimba sapezapo ngakhale ya mchere. Ngati nanunso pali nyimbo, sewero kapena kanema wakale amene akukusowetsani tulo, nazi zomwe ndinaona.

Ndiyambe ndi TikTok ndi Facebook, poti ambirife ndi kumene timaswera. Mphamvu ya malo amenewa palibe angaitsutse, ndipo umboni wake ndi agogo athu a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu. Mu 2020 Patience Namadingo anakhala nawo pansi n'kujambula nyimbo zawo zakale m'chamba cha reggae. Chakumapeto kwa 2021 kachidutswa ka Linny Hoo kanagwira moto pa TikTok, anthu a m'maiko omwe sadziwa ndi liwu limodzi la Chichewa akuvina ndi kuyeserera mawu ake. Pomwe a Giddes ankakwanitsa zaka 92 mu Januwale 2022, makanema a nyimboyi anali ataonedwa koposa ka 80 miliyoni, eni ake alibe ndi foni yamakono yomwe. Chimodzimodzi Gasper Nali wa ku Nkhata Bay. Kanema wake akuimba babatoni, chida cha waya umodzi womangidwa pamtengo wautali ndi ng'oma ya chikopa cha ng'ombe kumunsi, dzanja lina ndodo dzanja lina botolo, anazungulira dziko lonse mpaka mwini wake anayamba kuitanidwa kukaimba ku Ulaya.

Koma onani bwino momwe zinachitikira. Nyimbozi ndi zomwe zinapeza anthu, si anthu amene anazisaka. TikTok imakupatsa chomwe yafuna kukupatsa tsiku limenelo. Ukapitako ndi funso lako, ngati momwe ndinapitira ine ndi mizere iwiri ya bambo, umabwerako chimanjamanja bandulo itatha. Nyimbo imadulidwa n'kutsala masekondi ochepa okoma kuvina, ena amaithamangitsa mpaka mawu a munthu wamkulu kumveka ngati a kamwana, ndipo pamalo pa dzina la woimba pamalembedwa dzina la amene waika kanemayo. Chimene chimandipweteka kwambiri n'chimenechi. Mwana atha kuimba nyimbo ya agogo ake mwezi wathunthu osadziwa kuti mwini wake ndani, ali moyo kapena anatisiya. Kumeneku pitaniko kuti mukadabwe ndi kusangalala, ndipo mukakumana ndi nyimbo yokukhudzani lembani mawu ake pompo, chifukwa mawa simudzaionanso. Facebook ili ndi ubwino umodzi woposa mnzake: kuli anthu akuluakulu ambiri, ndipo ukafunsa mwaulemu ena amakumbukira.

YouTube ndi kumene ndinakhalitsa, ndipo kwa wosaka nyimbo za pa wailesi za m'ma 1970 ndi 1980 ndi kumene ndingamutumize poyamba. Zambiri zakale za kwathu zomwe zili kumeneko sizinaikidwe ndi makampani. Anaziika anthu wamba, wina ali ku Ndirande, wina ku Johannesburg, wina ku Leicester, amene anapeza kaseti m'sutikesi ya malemu bambo ake, n'kuilumikiza ku kompyuta. Chithunzi chimakhala chimodzi chosasuntha, chikuto cha kaseti chofwifwa, ndipo nyimbo isanayambe umamva kaphokoso ka tepi kaja, kenaka banjo n'kulowa. Poti bambo anatchula banjo ndi Thyolo, maganizo anga anathamangira kwa Allan Namoko, woimba wosaona uja wa Chimvu River Jazz Band, yemwenso kwawo kunali ku Thyolo. Tinakhala madzulo angapo pakhonde, foni pampando, tikumvera nyimbo zake imodziimodzi. Bambo ankagwedeza mutu, nthawi zina kuimba nawo, koma ikatha ankati, "Iyinso ndimaidziwa, koma si imeneyi."

Ngakhale sitinaipeze, madzulo amenewo sanapite pachabe. M'kusakako ndinagwera pa kanema wa Daniel Kachamba wa ku Chileka, amene anabadwa mu 1947 n'kumwalira mu 1987. Iye ndi mng'ono wake Donald anakumana ndi katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, mu 1967 akuimba kwela m'misewu ya Blantyre, ndipo chifukwa cha ubwenzi umenewo lero tili ndi zithunzi zawo zoyenda. Ndinali nditamva dzina la Kachamba moyo wanga wonse, koma zala zake ndinali ndisanazionepo. Chala chachikulu chikuyendetsa besi, chinzake chikutola nyimbo pamwamba, gitala imodzi kumveka ngati pali anthu awiri, nkhope ili phee ngati palibe chovuta chomwe akuchita. Ndinamubwereza kanemayo kasanu usiku umodzi. Kulinso masewero a Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, ena ojambulidwa kuchokera pa matepi otha, mitundu itasuluka, koma nthabwala zikadali zakuthwa.

Kusaka pa YouTube kumafuna kudekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene anaika nyimbo analemba dzina momwe analimvera. L ndi r amasinthana, mawu awiri amaphatikizidwa, "ny" amasanduka "ni", ndipo nthawi zambiri mutu wa nyimbo amangotenga liwu loyamba lomwe lamveka. Choncho yesani kalembedwe katatu kapena kanayi. Ngati mukufuna zakale kwambiri, iwalani kaye dzina loti Malawi, lembani Nyasaland. Lembani Port Herald m'malo mwa Nsanje, Fort Johnston m'malo mwa Mangochi, Fort Manning m'malo mwa Mchinji, Cholo m'malo mwa Thyolo, Mlanje m'malo mwa Mulanje, Kota Kota m'malo mwa Nkhotakota. Abale athu a ku Chipata alembe Fort Jameson ndi Northern Rhodesia, ndipo asaiwale dzina la Alick Nkhata, yemwe mawu ake ankamveka mpaka kuno kudzera pa wailesi ya ku Lusaka dziko lathu lisanakhale ndi MBC. Maina akalewa amatsekulanso makanema a British Pathé, kampani yomwe mu 2014 inaika makanema ake okwana 85,000 pa YouTube. Muli timakanema ta mphindi ziwiri kapena zitatu ta nthawi ya atsamunda. Mawu a wofotokoza nthawi zina amawawa kuwamva, koma kumbuyo kwake kuli nkhope za anthu athu, zovala zawo, magule awo, ndi misewu yomwe lero simungaizindikire.

Pa nkhani ya bandulo, YouTube imadya, koma pali njira. Ngati ndi nyimbo ya chithunzi chosasuntha, chepetsani kuoneka bwino kwa kanema kufike pa 144p. Maso sataya kanthu poti palibe choonera, ndipo bandulo imakhalitsa. Vuto lenileni la YouTube ndi lakuti zomwe zilipo lero sizitsimikizika kuti mawa zidzakhalapo. Woika atha kutseka tsamba lake, kapena wina n'kudandaula za umwini, nyimbo n'kuzimiririka. Ndipo pa nyimbo zoikidwa ndi munthu wamba, banja la woimba kawirikawiri silionapo kanthu.

Za Spotify, Boomplay ndi Audiomack sinditaya nthawi. Spotify inafika ku Malawi mu 2021, mawu ake ndi oyera, maina ndi olondola, ndipo pa nyimbo zatsopano malo onsewa ndi abwino. Mupezanso zimbale zomwe zinatulutsidwa ndi makampani akunja, monga cha akaidi ndi asilikali a ndende ya Zomba chomwe wojambula nyimbo wa ku America, Ian Brennan, anajambula mu 2013, chija chinapikisana nawo pa mphoto za Grammy mu 2016. Koma nyimbo yomwe inangojambulidwa mu situdiyo ya wailesi n'kuthera pa kaseti, musaiyembekezere kumeneko. N'chifukwa chakenso Shazam, yomwe imazindikira nyimbo za kunja m'masekondi ochepa, imangokhala chete mukaimvetsera banjo ya m'ma 1970: singadziwe chomwe sichinalowetsedwe m'kaundula wake. Pagulu limeneli amene ndimamulemekeza ndi Bandcamp. Kumeneko umagula chimbale, n'kuchitsitsa kukhala chako, ndipo gawo lalikulu la ndalama limapita kwa woimba ndi kampani yake. Zimbale za Madalitso Band, anyamata awiri amene anayambira m'misewu ya Lilongwe ndi gitala ndi babatoni, zili kumeneko. Chovuta ndi chakuti pamafunika khadi la banki lolipira ndalama zakunja. Inu muli ku Britain kapena ku South Africa, apa ndi pomwe mungathandize: mukagula chimbale chimodzi mwachita zoposa amene wamvera kambirimbiri kwaulere.

Tsopano tibwere pansi, kumsika, kwa anyamata a burning centre. Amene sanakhalepo kumudzi amaipeputsa njira imeneyi, koma kwa anthu ambiri a dziko lino ndiyo intaneti yawo. Ndinapita ku kashopu kena ka malata, kukula kwake ngati bafa, mkati muli kompyuta yakale yofundidwa nsalu chifukwa cha fumbi, sipikala panja ikuitana makasitomala. Patsogolo panga panali mayi wina ndi mwana kumbuyo, akufuna nyimbo za kwaya ndi mafilimu awiri a ku China omasuliridwa m'Chichewa, aja womasulira amalankhulira anthu onse yekha, mfumu, mkazi wake ndi mbava yomwe, n'kumathiramo nthabwala zake ndi maina a misika ya kwathu. Itafika nthawi yanga, mnyamatayo anandifunsa kuti, "Achimwene, tikuikireni zotani?" Ndinamuimbira mizere iwiri ija. Anatsitsa sipikala, anatseka maso, n'kundiuza ndibwereze. Kenaka anatsekula foda yolembedwa kuti Zakale, momwe munali nyimbo mazanamazana.

Apa ndi pomwe ndinaona ubwino ndi kuipa kwa njirayi nthawi imodzi. M'fodamo munali chuma chomwe pa Spotify palibe, china ngakhale pa YouTube sindinachione. Koma theka la nyimbozo linalembedwa kuti Track 01, Track 02, popanda dzina la woimba kapena la nyimbo. Zinachoka pa kaseti kupita pa CD, pa CD kupita pa flash, pa flash kupita pa foni, ndipo paulendo uliwonse zinkataya kanthu, pena dzina, pena kukoma kwa mawu, pena mphindi yomaliza. Mnyamatayo anayesetsa, tinamvera zoyambira za nyimbo zoposa makumi atatu, koma yathu munalibe. Ndinatulukamo ndi memory card yodzaza, yomwe bambo amamvera mpaka lero pa kawailesi kawo kotchaja ndi dzuwa, popanda netiweki kapena bandulo. Pa kutchipa ndi kufikira anthu, palibe njira yoposa iyi. Koma tisanamizane, woimba sapeza kanthu pa malonda amenewa. Nthawi ya makaseti, munthu ukagula kaseti yeniyeni ngati aja ankachokera kwa O.G. Issa ku Limbe, unkadziwa kuti kena kake kafika kwa mwini nyimbo. Lero chomwe chimabwezako pang'ono ndi ndalama yomwe lamulo la 2016 linalola kuti izidulidwa pa zipangizo zosungira nyimbo, yomwe COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, imagawira oimba. Imathandiza, koma woimba wa Track 01 amene dzina lake silikudziwika, ndani angamulembe m'kaundula?

Njira yomwe anthu ochepa amaidziwa, koma yomwe inandigwetsa misozi, ndi nkhokwe za akatswiri. Hugh Tracey, mzungu wobadwira ku England amene anakhala zaka zambiri kum'mwera kwa Africa, anayenda ndi galimoto yodzaza makina ojambulira mawu m'maiko ambiri, ndipo kuno anajambula mu 1950, 1957 ndi 1958. Mu 1954 anakhazikitsa International Library of African Music, yomwe kuyambira 1978 ili pa Rhodes University, mumzinda womwe kale unkatchedwa Grahamstown, lero Makhanda. Zojambula zake zinatuluka pa zimbale zoposa 200, ndipo kampani ya SWP Records ya ku Netherlands inasankhamo za kwathu n'kutulutsa zimbale ziwiri, china cha Amang'anja, Achewa ndi Ayao, china cha Atonga, Atumbuka ndi Achewa. Posaka, yesani kulemba Cewa popanda h, poti ndi momwe ankalembera.

Kusiyana kwa kuno ndi ku burning centre kuli ngati usana ndi usiku. Tracey ankalemba dzina la woimba, malo, chaka, chida ndi tanthauzo la nyimbo. Munthu woimba bangwe, chida cha zingwe zomangidwa pa thabwa, amene anamwalira makolo athu asanabadwe ali ndi dzina lake papepala mpaka lero. Mumamveka bangwe, malipenga, ng'oma, ndi mawu a amayi oimba pamodzi, oyera ngati ajambulidwa dzulo. Nditawamvetsera mayi anga imodzi mwa nyimbo za amayizo, anasiya kusankha nyemba, n'kunena kuti kaimbidwe kameneko ndi ka agogo awo, kopokezana, wina asanamalize mnzake walowa kale. Ananditchulira ndi maina a amayi a m'mudzi mwawo amene ankaimba chotero, maina omwe ndinali ndisanawamvepo.

Komabe nkhokwezi zili ndi mpanda wake. Zonse zinalembedwa m'Chingerezi, nthawi zambiri umangomva kachidutswa ndipo yonse mpaka ugule, ndipo zili kutali ndi midzi yomwe nyimbozo zinachokera. Zidzukulu za oimba aja zambiri sizidziwa n'komwe kuti mawu a agogo awo akusungidwa ku South Africa. Chinanso, Tracey ankafuna kwambiri nyimbo za makolo ndipo anajambula dziko lisanalandire ufulu, choncho nyimbo ya banjo ya pa wailesi ngati ya bambo singapezekemo. Nkhokwe yeniyeni ya nyimbo zoterozo ndi MBC, yomwe kuyambira 1964 inkajambula magulu oimba mu situdiyo zake ndi m'maboma. Kumeneko sungalowe ndi foni n'kusaka wekha. Njira yake ndi yakale ija: kumvera mapulogalamu a nyimbo zakale, kulemba kapena kuimba foni, n'kupempha.

Ndiye mukandifunsa kuti ndiyambire pati, yankho langa limadalira chomwe muli nacho m'manja. Ngati mukudziwa dzina la woimba, pitani pa YouTube, ndipo mukapeza kuti chimbale chake chikugulitsidwa mwalamulo, gulani. Ngati mukufuna kaimbidwe ka makolo a dera lanu, gule kapena chida, yambani ndi zojambula za Tracey. Ngati mukufunira munthu wa kumudzi woti azimvera tsiku ndi tsiku, memory card ndiyo yankho, koma musanawapatse khalani pansi mulembe maina a oimba pa nyimbo zomwe mukuzidziwa. Ngati muli ndi mizere iwiri yokha ndi kaimbidwe, monga ndinalili ine, makina onsewa sangakuthandizeni kwenikweni pa nyimbo yakale chonchi. Pamenepo pamafunika khutu la munthu. Safunsa anadya phula.

Ine ndinachedwa kuzindikira zimenezi. Mwezi wachinayi, Lamlungu lina masana, ndinawapempha bambo kuti aimbe kanyimbo kaja mokweza, ndipo ndinawajambula pa WhatsApp. Anachita manyazi poyamba, anatsokomola, kenaka anaimba, mawu akunjenjemera pang'ono pamzere wachiwiri. Ndinatumiza ku gulu la banja lathu. Achinyamata anangoika timitima. Koma usiku womwewo azakhali anga a ku Bulawayo, amene anapita ku Zimbabwe ndi amuna awo zaka zambiri zapitazo, anatumiza mawu awo. Sanayambe ndi moni. Anangoyamba kuimba, kuchokera pachiyambi penipeni, ndipo mizere ya bambo inadzabwera pakati, pavesi lachitatu. Atamaliza anati, "Auze achimwene kuti nyimbo imeneyi malemu alamu awo anali nayo pa kaseti, anachita kujambula pa wailesi." Anatchula dzina la woimba, ndi liwu loyamba la nyimboyo, lomwe silinkakhudzana n'komwe ndi Joni kapena munda.

Ndi dzina limenelo, pa YouTube sipanathe mphindi zisanu. Inalipo nthawi yonseyi, dzina la woimba litalembedwa molakwika chilembo chimodzi, anthu oionera osakwana ndi mazana atatu omwe. M'mawa mwake ndinaika foni pampando uja pakhonde, osanena kanthu. Kaphokoso ka tepi kanayamba, banjo inalowa, ndipo bambo anaika sipanala pansi. Sanaimbe nawo. Anangoyang'ana kumsewu mpaka vesi lachitatu, pomwe milomo yawo inayamba kuyenda. Itatha anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, poti zala zinali ndi girisi.

"Ndi yomweyi," anatero. "Koma pa wailesi inkathamangirako pang'ono. Kaseti yakeyo inali itatopa."

Anandiuza ndiibwereze, kenaka ndiwaimbire foni azakhali. Madzulo ake ndinapita kumsika kwa mnyamata uja ndi memory card ya bambo, ndipo tisanaiikemo ndinamupempha kuti alembe dzina la woimba ndi la nyimbo molondola, chilembo ndi chilembo. Analemba, kenaka anafunsa ngati angasungeko kope m'foda yake ya Zakale. Ndinamuuza kuti asunge, koma ndi dzina lomwelo.